Foni ikungokubweretserani mafilimu amtundu umodzi? Nazi zomwe ndimachita zikayambanso

Vuto ili limandibwerera pafupifupi miyezi itatu iliyonse, nde ndaona kuti bola ndingolemba zonse pamalo amodzi chifukwa ndatopa kufotokozera anthu mmodzimmodzi. Umatsegula app yoonera mafilimu kapena mavidiyo, chala chikutsika, chikutsikabe, koma zonse zikubwerazo ndi zofanana, nkhope zomwezo, nkhani yomweyo angosintha zovala ndi dzina la mudzi, mpaka umatseka osaonera kalikonse koma bundle itapita kale ndi ma trailer aja odziyamba okha.

Ine ananditsegula maso ndi mlongo wanga. Anabwera kudzacheza, magetsi atazima, ndamupatsa foni kuti asankhe filimu tionere podikira. Wayang'ana, watsitsa, wayang'ananso, kenako akuti "achimwene, mafilimu anuwa bwanji onse ndi amodzi? Mwana wa mfumu, mtsikana wosauka wogulitsa malalanje, apongozi ankhanza, basi?" Ndinafuna kukana koma nditayang'ana ndekha ndinangoti kukamwa yasa. Ine amene kale ndinkaonera za nkhondo, za nyama za m'nyanja, za mbiri yakale, zoseketsa, chaka chathunthu ndakhala ndikudya ndiwo imodzi osazindikira. Ndipo palibe anandikakamiza. Ndinaonera imodzi tsiku lina ndili chigonere ndi malungo, ndinaimaliza, ina inabwera yokha, ndinaimalizanso, zinayambira pomwepo.

Kaye timvetsane chomwe chimachitika mkatimo

Apo ayi muzingodina mabatani osadziwa chomwe mukukonza. Ma app awa alibe nazo ntchito kwenikweni zomwe mumanena kuti mumakonda, amayang'ana zomwe mukuchita. Mwadina chani, mwaonera mphindi zingati, mwamaliza kapena mwathawa pakati, nthawi yanji, pa foni kapena pa TV. Akatero amakufananitsani ndi anthu ena miyandamiyanda amene anachitanso ngati inuyo, nkukupatsani zomwe anthu amenewo anaonera pambuyo pake. YouTube poyamba inkawerengera kwambiri kudina, koma mu 2012 inasintha nkuyamba kuyika mtima pa nthawi yomwe munthu wakhala akuonera. Mu 2018 Neal Mohan, amene pano ndi bwana wamkulu wa YouTube, ananena kuti zoposa 70 peresenti ya nthawi yomwe anthu amathera pamenepo imapita ku mavidiyo omwe makina awasankhira. A Netflix nawo cha m'ma 2015 anati kwa iwo ndi pafupifupi 80 peresenti. Ndipo si zamasewera kwa iwowo, mu 2006 Netflix inayika madola 1 miliyoni ngati mphoto kwa aliyense amene angawongole njira yawo yolosera zomwe munthu angakonde ndi 10 peresenti yokha, anthu analimbana nazo zaka zitatu, mphotoyo inadzaperekedwa mu 2009.

Nde taganizani. Mwa zinthu khumi zomwe mwaonera, zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu simunazisake nokha, munangopatsidwa. Chomwe mwapatsidwa ndi chomwe mumadina, chomwe mwadina ndi chomwe makina amaphunzira, chomwe aphunzira ndi chomwe akupatseninso mawa. Zili ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo, imadya udzu pomwe chingwe chafika, ndipo ikamazungulira chikhomocho chingwe chimakulungika nkumafupikirafupikira mpaka ikulira njala udzu wobiriwira uli apa pomwe.

Kwathu kuno ndimaona kuti chingwecho chimafupika msanga pa zifukwa ziwiri. Data ndi yodula, munthu wagula ka 1GB sangayese filimu yachilendo yomwe mwina imugwiritsa mwala, amapita pa chomwe akudziwa kale kuti chimukomera, nde makinawo samaona chizindikiro chilichonse choti munthuyu angakondenso zina. Chachiwiri foni imodzi imagwiridwa ndi nyumba yonse. Tiyambire pomwepo.

Ndani winanso amagwira foni yanu?

Musanafufute kalikonse dzifunseni funso limeneli, chifukwa theka la anthu amene amandidandaulira vuto lawo limathera apa. Mwana wabwera ku holide, masabata awiri akuonera makatuni pa akaunti yanu, mu Januwale mukudabwa kuti tsamba loyamba ladzaza nyimbo za ABC. Amayi amamvera maulaliki m'mawa uliwonse pa foni yomweyo, mphwanu wrestling usiku. Makina sadziwa kuti ndinu anthu anayi, amaona munthu mmodzi wosokonekera mutu, nde amangotenga chomwe chaoneredwa maola ambiri nkuchichulukitsa, ndipo pa maola palibe angapose mwana wa zaka zinayi.

Pa Netflix akaunti imodzi imalola ma profile asanu, aliyense ndi history yake, palinso mwayi woti ina ikhale ya ana. Ngati mumaonera pa akaunti ya abale anu aku Joni kapena ku UK musamalowe pa profile ya eni ake, mukuwawonongera zawo komanso zomwe mukuonazo anasankhiridwa ndi iwowo osati inu. Pa YouTube ana ayikireni YouTube Kids, ndi app yapayokha. Mlendo akabwereka foni yatsani Incognito, imapezeka mukadina You pansi paja, zomwe aonere sizilowa mu history yanu. Ndi kanthu ka masekondi asanu koma ine ndimayiwala nthawi zonse, ndimakumbukira foni itapita kale kuchipinda.

Kusesa history, koma osati kuwotcha nyumba yonse

Apa ndi pomwe pali ntchito yeniyeni. Pa YouTube pitani pa You kenako History, vidiyo iliyonse ili ndi timadontho titatu pambali, mukadina pali Remove from watch history. Ngati zinyalalazo ndi zambiri musachotse imodziimodzi mungakalambire pomwepo, lowani pa Manage all history, pamenepo mutha kufufuta za tsiku limodzi kapena kusankha kuchokera tsiku lakuti mpaka tsiku lakuti. Ine ndimangokumbukira kuti alendo anafika liti nkunyamuka liti, masabata amenewo ndimasesa onse. Musayiwale zomwe munasaka, nazonso amaziwerengera. Pomwepo palinso auto-delete, mumasankha kuti zakale zizifufutika zokha pakatha miyezi 3, 18 kapena 36. Ine ndinayika pa 3, ena amati ndi yochepa kwambiri, koma kwa munthu ngati ine amene ndimagwera msanga mu dzenje limodzi yandithandiza.

Anthu ambiri akapsa mtima amangodina Clear all nkuzimitsanso history yonse. Sindikulimbikitsa. Kuyambira mu Ogasiti 2023, ngati history ya YouTube ndi yozimitsa ndipo mulibe zakale zokwanira, tsamba loyamba limangokhala mbee, malo osakira basi. Ena amazikonda zimenezo ndipo ngati cholinga chanu ndi kusiya kutaya nthawi, ndi mankhwala abwino. Koma ngati mukufuna kuti azikupatsani zosiyanasiyana, kufufuta zonse kumakubwezerani pa zomwe zikutchuka kwa aliyense m'dera lanu, komwenso ndi khola lina, kungoti ndi la anthu ambiri. Zabwino zomwe munaonera kale zisiyeni, ndi zomwe zikuuza makina kuti ndinu munthu wa mbali zingapo.

Pa Netflix ndi bwino kuchitira pa browser, Chrome yomweyo ya pa foni imatheka. Lowani pa Account, sankhani profile yanu, kenako Viewing activity. Pambali pa chilichonse pali kachizindikiro kozungulira kodulidwa pakati, mukadina ndiye kuti mwachibisa, ndipo ngati ndi series amakufunsani ngati mukufuna kubisa yonse. Zimatenga mpaka maola 24 kuti zichoke pa zipangizo zonse nde musayambe kulalata pakatha mphindi khumi.

Mabatani ena ndi ongotonthoza mtima

Izi zinandikhumudwitsa nditazidziwa. Mu 2022 a Mozilla, aja anapanga Firefox, anachita kafukufuku ndi anthu odzipereka oposa 20,000 kuti aone ngati mabatani okanira a pa YouTube amagwiradi ntchito. Anapeza kuti Not interested imatchinga pafupifupi 11 peresenti yokha ya mavidiyo ofanana ndi omwe munakana, chala choloza pansi 12 peresenti, kuchotsa mu history 29 peresenti, ndipo Don't recommend channel ndiyo inali pamwamba ndi 43 peresenti. A YouTube anayankha kuti mabataniwo sanawapangire kuti atseke mutu wonse wa nkhani. Kaya. Koma phunziro lake ndi loti ngati mwakhala mukudina Not interested miyezi yonseyi nkumadabwa kuti bwanji sizikusintha, si inu nokha. Tchanelo chikakutopetsani chikaneni chonse, ndipo chitani zonse ziwiri, kukana tchanelo ndi kuchotsa mu history.

Pa Netflix nyenyezi zija anazichotsa mu 2017 nkuyika chala chokwera ndi chotsika, mu 2022 anawonjezera zala ziwiri zokwera. Ambirife sitidinako nkomwe. Ine ndimaona kuti kuuza makina chomwe mukufuna kumayenda msanga kuposa kuwauza chomwe simukufuna, nde khalani pansi mphindi khumi, sakani mafilimu omwe munawakonda kalekale ngakhale munawaonera ku video show muli ana, muwapatse zala ziwiri. Sizidya data yambiri chifukwa simukuonera.

Autoplay, wakuba wa usiku

Mwagona foni ili pachifuwa, vidiyo yatha, ina yayamba, inanso, mukudzuka 2 koloko bundle yatha batire ili pa 4. Kupatula kuluza data, zonsezo zalowa mu history ngati kuti munazionera mpaka kumapeto mosangalala. Pa YouTube kabatani kozimitsira kali pamwamba pa vidiyo yomwe ikusewera. Pa Netflix pitani pa Playback settings ya profile yanu, pali tiwiri, kena ka episodi yotsatira kena ka ma preview odziyamba okha mukamangoyang'ana, zimitsani tonse. Chomwe ndimakondera apa si data yokha ayi. Vidiyo ikatha nkukhala zii, mumakakamizika kuganiza kuti kodi ndikufuna chani, ndipo kafunso kameneko ndi komwe autoplay inakachotsa.

Tsopano mudyetseni zina

Kusesa kokha sikukwanira. Mukasesa nkubwereranso kudina zomwe zili pamwamba, pakatha masabata awiri muli pomwe munali. Makina akufunika aone zatsopano ndipo zatsopanozo sangakupatseni okha, muyenera kukazitenga ndi manja anu.

Sakani ndi dzina. Osati kungotsitsa tsamba loyamba, lembani mu search chomwe mukufuna, ndipo mukachipeza chionereni ndithu mpaka patali, chifukwa mukachisiya pa mphindi ziwiri mwangowauza kuti munalakwitsa khomo. Apa ndi pomwe bundle imapweteka, ndikudziwa. Chomwe ndimachita ine ndi kutsitsa quality kufika pa 360p kapena 240p ndikamayesa chachilendo, kapena kudawunilodi pa Wi-Fi ya kuntchito, kapena kuyamba ndi zifupizifupi za mphindi khumi. Pa YouTube gwiritsaninso ntchito Subscriptions, kumeneko zinthu zimabwera kuchokera kwa anthu omwe munawasankha nokha. Pamwamba pa tsamba loyamba pamakhalanso mawu aja oti New to you omwe anabwera mu 2021, ntchito yake ndi kukuonetsani matchanelo omwe simunawaonerepo, sapita patali kwenikweni koma ndi poyambira.

Netflix ili ndi magulu ambirimbiri omwe saoneka pa tsamba loyamba, lililonse ndi nambala yake. Pa browser mukalemba netflix.com/browse/genre/ nkuwonjezera nambala mumalowa molunjika, mwachitsanzo 6839 ndi ma documentary, 6548 ndi zoseketsa. Mukalowa mudzadabwa kuti zonsezi zinali kuti. Chinanso choti mudziwe, chithunzi cha filimu chomwe mukuona inu si chomwe akuona mnzanu. A Netflix analongosola okha mu 2017 kuti amasankha chithunzi molingana ndi munthu, wokonda zachikondi amamuonetsa awiri akuyang'anana, wokonda zoseketsa amamuonetsa nkhope ya wanthabwala, filimu ili imodzi. Nde nthawi zina zinthu zimaoneka zofanana kuposa mmene zilili, werengani kachiganizo kofotokoza kaja musanaweruze ndi chithunzi.

Za kwathu nde zimafunika kusakidwa kwambiri. Makina amakonda chinthu chomwe anthu ambiri achionera kale chifukwa ndi chomwe ali nacho umboni, sewero lachichewa lomwe laoneredwa ndi anthu zikwi zochepa silingalimbane ndi filimu yomwe yaoneredwa ndi mamiliyoni. Ngakhale filimu ija ya William Kamkwamba wa ku Kasungu, yomwe Chiwetel Ejiofor anajambulira ku Malawi konkuno nkutuluka pa Netflix mu 2019, mbali yaikulu akuyankhula Chichewa, munthu amene history yake yadzaza karate atha kukhala zaka osakumana nayo. Lembani mu search mawu achichewa, sewero, nthabwala, gule, dzina la boma lanu, mukapeza anyamata ndi atsikana amene akujambula zawo achiteni subscribe. Pakatha masiku angapo muona ayamba kutulukira okha.

Nyimbo ndi TikTok, mwachidule

Spotify inafika ku Malawi mu Febuluwale 2021, ndipo Discover Weekly yake, nyimbo 30 Lolemba lililonse, imadalira zomwe mwakhala mukumvera. Ngati foni yanu ndi yomwe inali DJ pa chinkhoswe cha msuweni wanu, kapena mumasiya nyimbo zogonetsa mwana usiku wonse, musadabwe. Kuyambira 2023 pa ma playlist pali Exclude from your taste profile pa timadontho titatu tija, yomwe imauza Spotify kuti isatenge playlist imeneyo ngati zomwe inu mumakonda, ndipo musanapereke foni kwa anthu yatsani Private session, ili ngati Incognito ija.

TikTok ndiyo imaphunzira msanga kuposa onse chifukwa mavidiyo ake ndi afupi, pa ola limodzi mwaipatsa zizindikiro mahandiredi. Kanikizani chala pa vidiyo, pamabwera Not interested. Mu Settings and privacy pa Content preferences mutha kutchinga mawu ena, komanso pali Refresh your For You feed yomwe inabwera mu 2023, imakuyambitsani ngati mlendo koma anthu omwe mumawatsatira sachoka. Mukatero samalani kwambiri masiku oyambawo. Ndipo chonde, chinthu chikakunyansani chidutseni msanga. Kuchionera kawiri uku mukutukwana, kutsegula ma comment kuti muone ngati enanso akwiya, kutumizira mnzanu kuti taona zopusazi, zonsezo makina amaziwerenga ngati chikondi.

Nanga zikakanikabe?

Perekani sabata imodzi kapena awiri musanagamule, sizisintha tsiku lomwelo. Zikakanikabe pangani profile yatsopano pa Netflix muyambirenso, ndipo akakufunsani kuti musankhe mafilimu angapo omwe mumakonda musasankhe onse amtundu umodzi, apo ayi mwakhoma nokha chikhomo china. Pa YouTube ena amakhala ndi ma akaunti awiri, ina ya zophunzira ina ya zongocheza. Ndinayesako, zinandisokoneza, koma mnzanga wina wa ku koleji amalumbirira njira imeneyi. Onaninso TV ya pabalaza, nthawi zambiri imakhala yolowa ndi akaunti yanu yomweyo ndipo ndi yomwe ikudetsa history masana inu muli kuntchito, ine ndinasesa katatu konse ndisanazindikire kuti gwero lake ndi limenelo.

Ndipo zibweranso, musanamizidwe. Sabata imodzi yotopa, mwafika kunyumba simukufuna kuganiza, mwadina chomwe chili pamwamba masiku atatu otsatizana, chingwe chayambanso kukulungika.

Kale ndisanakhale ndi foni yabwino ndinkapita ndi flash kwa mnyamata wina wa pamsika woyika mafilimu. Ndimuuza atatu omwe ndikufuna, iye akuyika, kenako osandifunsa akuwonjezera ina, "iyi ndi mbasela bwana, mukaione kaye mudzandiuze." Nthawi zina inkakhala yachabechabe moti ndinkabwerera kukamuzazira, iye nkumangoseka. Koma filimu yoyamba ya ku Iran yomwe ndinaonerapo inachokera kwa iyeyo, komanso ina ya ku Senegal ya Chifalansa ndi Chiwolof yomwe ndinaiwerenga ma subtitle mpaka maso kuwawa. Iye sankandipatsa zofanana ndi zomwe ndatenga, ankandipatsa zomwe zamusangalatsa iyeyo. Nde pano kumayambiriro kwa mwezi ndimafunsa anthu atatu osiyana, wina wamkulu kwa ine, wina wamng'ono, wina amene sitigwirizana pa chilichonse, kuti andiuze chimodzi chomwe aonera posachedwa, ndipo ndimachisaka ndi dzina.

Mwezi uno mlongo wanga uja wandipatsa series ya ku Korea ya maloya, ndili pa episodi 4, ndikulimbikira ngakhale mayina akundisokoneza. Dzulo ndatsegula ndapeza pa mzere woyamba pali za ku Korea zitatu ndi documentary ya nsomba za m'nyanja. Pa mzere wachiwiri chakumapeto, mtsikana wa malalanje uja wabweranso, dengu lili pamutu.